Kudulira Mitengo: Phunziro Lochokera ku Mtengo wa Magnolia

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amabzala mbande zambiri pa makomo pao, pa masukulu ndi pa mabwalo a matchalitchi. Za kubzala zimalalikidwa kawirikawiri, koma za kudulira mtengo utakula sizimveka kweni kweni. Chifukwa chache mitengo yambiri imene idapulumuka ku mbuzi, ku chiswe ndi ku moto wa tchire, imadzaonongeka ndi chikwanje cha mwini wache yemwe.

Zimachitika motere. Pa tchalitchi cha kumudzi pali mtengo wa mango umene makolo adaubzala, ndipo nthambi yache imodzi yayamba kukhuza malata. Tsiku la nchito ya pamodzi mnyamata wamphamvu amakwera ndi chikwanje, natema nthambiyo kuchokera pamwamba. Nthambi ija, polemera, imathyoka isanaduke, ndipo pakugwa imasenda khungwa la thunthu kutsika nalo mkono wathunthu. Anthu amabwerera kwao okondwa kuti denga lapulumuka. Patapita zaka zinai kapena zisanu, pa bala paja pali mphako, m'mphakomo muli madzi ndi chiswe, ndipo mtengo wobvunda m'kati wangoima pamalo pomwe ana amakhala pophunzira katekisimu.

Phunziro lino liri ndi mutu umodzi: bala la mtengo silipola monga bala la munthu. Motero wodulira ayenera kudula pang'ono, kudula mtengo ukali waung'ono, kudula pa malo oyenera, ndiponso pa nyengo yoyenera. Mtengo umene umaonetsa bwino zimenezi kuposa yambiri ndi wachilendo, wochedwa magnolia.

1. Mtengo wa magnolia

Magnolia si mtengo wa kuno. Mitundu yache, yoposa 200, kwao ndi kum'mawa kwa Asia ndi ku America, ndipo mu Africa umapezeka pokhapo pamene anthu adachita kuubzala, monga m'minda ya maluwa ya ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Dzina lache adaupatsa ndi Bambo Charles Plumier, wansembe wa ku France wa chipani cha Minim, amene adayenda pa zisumbu za ku America kuphunzira zomera. M'chaka cha 1703 iye adautcha dzinali polemekeza Pierre Magnol, mphunzitsi wa zomera wa mu mzinda wa Montpellier, amene adabadwa mu 1638 namwalira mu 1715.

Mtundu wina wodziwika, wochokera kumwera kwa United States, suyoyola masamba. Masamba ache ndi owala pamwamba ndi ofiirira kunsi, maluwa ache ndi oyera, onunkhira, aakulu ngati mbale ya ndiwo, ndipo mtengowo utha kutalika kupitirira mamita 20. Mitundu ina, makamaka ya ku China ndi ku Japan, imayoyola masamba m'nyengo yozizira, ndipo imachita maluwa pa nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Akatswiri a zomera amaika magnolia m'gulu lalikulu limodzi ndi mpoza wa m'tchire la kuno. Mitengo iwiriyi iri pa chibale cha patali, ndipo maluwa a yonse iwiri amathandizidwa kubereka ndi tizirombo ta zigoba zolimba, abale a nankafumbwe.

Osamala minda ya maluwa amagwirizana pa chinthu chimodzi: magnolia safuna kudulidwa kwambiri. Bala lalikulu pa mtengowu limachedwa kutsekeka, ndipo nthambi ikadulidwa pakati, pamatuluka mphukira zambiri zoongoka, zazitali ndi zofooka, zimene zimaipitsa maonekedwe a mtengo zaka zambiri. Mitundu yoyoyola masamba ikadulidwa kumapeto a nyengo yozizira imakha madzi pa bala. Ndiponso maluwa ache amakhala atakonzeka kale pa nsonga za nthambi kuyambira nyengo yapitayo, kotero kuti wodula nthawi imeneyo wadula maluwa a chaka chonse. Mango ndi gwafa zimapirira zolakwa zambiri ndi kuzibisa nthawi yaitali, koma magnolia amaonetsa msanga cholakwa chiri chonse. Chomwe chimaoneka poyera pa magnolia chimachitikanso mobisika m'mitengo ya pa khomo liri lonse la ku Mvera, ku Mponela ndi ku Malomo.

2. Chimene chimachitika pa bala

Munthu akatemeka pa mwendo, mnofu watsopano umamera m'malo mwa woonongeka uja. Mtengo sutero iai. Nkhuni imene yabvulala siidzakhalanso yamoyo. Chimene mtengo umachita ndi kutchinga malo obvulalawo ndi makoma a m'kati, kuti kuola kusalowerere, ndipo kunja umamera khungwa ndi nkhuni yatsopano kuchokera m'mphepete mwa bala, pang'ono pang'ono, mpaka kuliphimba. Bala limakhalabe m'katimo masiku onse a mtengowo, monga momwe amaonera ocheka matabwa akapeza mfundo yakuda pakati pa thabwa loyera.

Amene adafotokoza bwino zimenezi ndi Alex Shigo, yemwe adali wa nchito ya za nkhalango m'boma la United States, amene adang'amba mitengo zikwi zambiri ndi sowo kuti aone m'kati mwache, ndipo mu 1977 adafalitsa chiphunzitso chache cha makoma a m'kati mwa mtengo. Iye adaonetsa kuti khoma lamphamvu loteteza thunthu liri patsinde peni peni pa nthambi. Munthu akayang'anitsitsa pamene nthambi itulukira pa thunthu, adzaona potupa pang'ono pozungulira nthambiyo ngati khosi, ndipo pamwamba pache pali mzere wa khungwa lokwinyika. Khosi limenelo ndi gawo la thunthu, si la nthambi. Likasiyidwa lamphumphu, bala limatsekeka mozungulira ngati mphete. Likadulidwa pamodzi ndi nthambi, khomo latsegukira kuola kuti kulowe m'thunthu.

Apa pali zolakwa ziwiri zosiyana. Wina amadula mosalaza, molingana ndi thunthu, poganiza kuti ndiko kukongoletsa. Ameneyo wachotsa khosi. Wina amasiya chitsa cha nthambi chachitali ngati chokolekapo chipewa. Chitsacho chimauma, khungwa silingathe kuchiphimba, ndipo chimasanduka njira ya bowa, ya mbozi zoboola ndi ya chiswe. Podula poyenera ndi kunja pang'ono kwa khosi, osalikhudza, osasiyanso chitsa.

Anthu ambiri amamata bala ndi matope, ndowe, penti kapena oyilo wakuda wa galimoto. Kafukufuku adaonetsa kuti kumata kotere sikuletsa kuola, ndipo nthawi zina kumasunga chinyezi chimene bowa amafuna. Bala lodulidwa bwino, losalala, lomwe silisunga madzi, lisiyidwe liume ndi mphepo.

3. Nthambi zoyenera kuchotsa

Wodulira wanzeru asanagwire chida amayamba wazungulira mtengo, nauyang'ana mbali zonse, nadziwa chifukwa cha nthambi iri yonse imene afuna kuchotsa. Nthambi yopanda mlandu isiyidwe. Zoyenera kuchoka ndi izi:

Choyamba, nthambi zouma, zothyoka ndi zodwala. Izi zichotsedwe nthawi iri yonse zikaoneka, ndipo zodwala zitenthedwe kutali ndi mtengo.

Chachiwiri, nthambi zopingasana ndi kukhuzana, pakuti pamene zikhuzana khungwa limanyuka. Pa ziwirizo ichoke yofooka kapena yolowera m'kati.

Chachitatu, mphukira zoongoka zotuluka pa thunthu kapena pamsana pa nthambi zazikulu, ndiponso zophuka patsinde. Mlimi wa fodya wa ku Dowa adziwa kale kuti mphukira zimalanda chakudya cha masamba abwino. Pa mtengo ndi chimodzimodzi. Zikali zanthete zimachoka ndi zala, ndipo bala lache silioneka n'komwe.

Chachinai, zomera zija zimene mbalame zimasiya mbeu zache pa nthambi, nizimera pomwepo ndi kuyamwa madzi a mtengo. Kuzithothola sikuthandiza, pakuti mizu yache iri m'kati mwa nthambi. Ichoke nthambi yonseyo kumunsi kwa pomwe zamera.

Pa chaka chimodzi munthu asachotse koposa gawo limodzi mwa magawo anai a masamba a mtengo, ndipo pa mtengo wokalamba achepetseko ndithu. Masamba ndiwo amapanga chakudya cha mtengo, ndipo chakudya chomwecho ndicho chimene mtengo umamangira makoma ndi kuphimbira mabala. Woumeta mtengo mpala waupatsa mabala ambiri, naulandanso mphamvu yowatsekera. Ngati mtengo wakula mopitirira, nchito igawidwe pa zaka zitatu.

Choipa koposa ndi kudula mutu wa mtengo waukulu, kusiya mphanda zokha zokha. Mphukira zimene zimatuluka pambuyo pache zimangomatirira pa nkhuni ya kunja, pamphepete pa bala lomwe likuola. Zimakula msanga, zimalemera, ndipo ndi zomwezo zimene zimadzagwera nyumba pa mphepo ya mvula zoyamba.

4. Kadulidwe ka nthambi yaikulu

Nthambi yaing'ono, yonenepa ngati chala, imadulidwa kamodzi, pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja kwa mtengo, chifukwa mphukira yatsopano idzalowera kumene diso liloza. Koma nthambi yolemera, imene munthu sangaigwire ndi dzanja limodzi, idulidwe katatu.

Kudula koyamba ndi kwa kunsi kwa nthambi, pa mtunda wa masentimita 30 kuchokera pa thunthu, kulowetsa sowo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwache. Kudula kwachiwiri ndi kwa pamwamba, masentimita 5 kupitirira pa koyamba paja kulowera kunsonga, mpaka nthambi itagwa. Khungwa likafuna kusendeka, limalekeza pa kudula koyamba kuja, thunthu osabvulala. Kudula kwachitatu ndi kochotsa chitsa chotsalacho, chimene tsopano chiri chopepuka, kunja pang'ono kwa khosi. Mtengo wa pa tchalitchi uja ukadadulidwa chotero, bwenzi ukali wamphumphu.

5. Kuongola mtengo mpoyamba

Mau a makolo awa ndi oona pa mtengo weni weni. Nthambi yochotsedwa ikali yosapitirira masentimita 5 kunenepa imasiya bala lotsekeka m'nyengo zochepa. Nthambi yomweyo ikasiyidwa zaka khumi, bala lache mwina silidzatsekeka konse. Chotero maonekedwe a mtengo amakonzedwa m'zaka zitatu kapena zinai zoyamba, ndipo mtundu uli wonse uli ndi maonekedwe ouyenera.

Magnolia wosayoyola masamba amafuna thunthu limodzi loongoka. Ngati nsonga ziwiri zikupikisana, imodzi ichoke msanga. Mphanda yopanikizana imatsekera khungwa pakati pache, nthambi ziwirizo osalumikizana ndi nkhuni, ndipo mphanda yotere ndi imene imang'ambika. Mizu ya magnolia ndi yofewa ndipo imayenda pamwamba, motero khasu lisafike patsinde. Paikidwe udzu kapena masamba ouma, osagunda thunthu.

Makadamiya, amene alimi ang'ono ang'ono a ku Ntchisi ndi ku Dowa amalima m'magulu ao, monga a ku Chikwatula ndi ku Malomo, amatsata lamulo lomwelo. Mtengowu kwao ndi ku Australia, ndipo dzina lache udalandira mu 1857 polemekeza John Macadam. Nkhuni yache ndi yolimba koma yosachedwa kung'ambika pa mphanda, ndipo pa malo amodzi pamatuluka mphukira zitatu kapena zinai. Mlimi asankhe imodzi yoongoka kuti ikhale thunthu, ndipo nthambi za m'mbali zikhale zotambasuka, zotalikirana, zoyang'ana mbali zosiyana. Pa zitunda za mphepo za kufupi ndi phiri la Ntchisi, mtengo wa mphanda ziwiri utha kung'ambika pakati utangoyamba kubala, mlimi atauyembekeza zaka zisanu. Mtengo ukakula asausadze kwambiri, pakuti maluwa ache amatuluka pa nthambi zakale za m'kati.

Pichesi ndi wosiyana. Amafuna dzuwa pakati, motero mbande imadulidwa pa msinkhu wa masentimita 60 kapena 70, nisiyidwa ndi nthambi zitatu kapena zinai zotambasuka ngati miyendo ya mpando wogadamika, pakati pali pululu. Pichesi amabala pa nthambi zimene zidamera chaka chathachi, ndipo ndi chifukwa chache amafuna kudulira chaka ndi chaka kuti atulutse nthambi zatsopano. Wosiyidwa yekha amabala kunsonga kokha, tizipatso tating'ono.

Mango womezanitsa adulidwe nsonga akafika pafupi mita imodzi, kuti atulutse nthambi zitatu kapena zinai, ndipo pokula asungidwe pa msinkhu wa mamita 4 kapena 5. Mtengo wotere zipatso zache zimathyoledwa ndi manja, ana osakwera kutali kapena kugenda miyala. Pakati pache patseguke pang'ono kuti mphepo idutse, chifukwa matenda a madontho akuda pa zipatso ndi a ufa woyera pa maluwa amakonda mtengo wothithikana wosauma msanga.

Malalanje, manachesi ndi mandimu safuna kudulira kwambiri. Chachikulu ndi kuchotsa mphukira zotuluka kumunsi kwa pomezanitsa. Tsinde la mtengo wotere kawirikawiri ndi la ndimu, ndipo mphukira zache zikasiyidwa zimapambana lalanje, mwini n'kudabwa kuti mtengo wache wasanduka wowawasa. Nthambi zokhudza pansi zikwezedwe, kuti matope a mvula asathovukire pa zipatso.

6. Nyengo yache

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi nyengo zitatu: dzinja la mvula kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, chisanu kuyambira Meyi mpaka Julayi kapena Ogasiti, ndi chilimwe chotentha mpaka mvula itabweranso. Lamulo losabvuta kukumbukira ndi ili: wodulira adziwe pamene mtengo umachitira maluwa ndi nthawi imene umawakonza, kuti asawadule asanaoneke.

Pichesi adulidwe mu Juni kapena kumayambiriro a Julayi, atayoyola masamba, asanachite maluwa. Mango adulidwe akangotha kubala, mu Januwale kapena Febuluwale, chifukwa maluwa ache amatuluka kunsonga za nthambi zokhwima, ndipo mphukira zatsopano zimafuna miyezi ingapo kuti zikhwime chisanu chisanafike. Wodula mango mu Juni wadula zipatso za Disembala. Malalanje adulidwe atatha kukolola, maluwa asanatuluke. Magnolia woyoyola masamba adulidwe atatha maluwa ndipo masamba atakhwima, ndiye kuti kuno kumwera kwa Africa ndi pakati pa Disembala ndi Malichi; wosayoyola masamba akonzedwe pang'ono chabe pamene ayamba kuphukira, chisanu chitatha.

Nchito ikagwa m'dzinja, lisankhidwe tsiku louma la dzuwa, chifukwa madzi ndiwo amanyamula matenda kuwafikitsa pa bala. M'chilimwe chotentha cha Okutobala munthu apewe kubvundukula nthambi zimene zidazolowera mthunzi, makamaka za mapeyala, pakuti khungwa lache limapsya ndi dzuwa ndi kung'aluka. Ngati zabvundukuka, khungwalo lipakidwe njereza yosungunula m'madzi.

7. Zida ndi kudzisamala

Chikwanje ndi nkhwangwa ndi zida zogwetsera mitengo. Zimaphwanya nkhuni, zimasenda khungwa ndi kusiya bala la mano mano losunga madzi. Zodulira ndi mpeni wakuthwa, sizasi yodulira mitengo ndi sowo yaing'ono. Sikofunika kuti banja liri lonse ligule. Mpingo wa pa malo amodzi kapena gulu la alimi litha kusonkha ndi kugula sowo imodzi ndi sizasi imodzi, nizisungidwa ndi munthu wokhulupirika. Pochoka pa mtengo wodwala kunka pa wina, chida chipukutidwe ndi sipiriti, kapena chibviikidwe m'madzi osakaniza ndi Jik, muyeso umodzi pa miyeso 9 ya madzi, ndipo pambuyo pache chitsukidwe ndi kupakidwa mafuta kuti chisachite dzimbiri.

Wokwera mu mtengo asakhale yekha, ndipo ana achoke pansi pache. Utomoni wa mango umatentha khungu ndi maso. Nthambi zoyandikira mawaya a magetsi munthu asazikhudze, koma adziwitse a ESCOM. Mtengo waukulu umene wamera bowa wolimba pa thunthu, kapena womveka gobo gobo poumenya, wabvunda kale m'kati. Ukakhala pafupi ndi nyumba kapena pomwe anthu amasonkhana, afunsidwe alangizi a za nkhalango asanagwe wokha.

8. Zitsa za m'munda

Nzeru yomweyi imabwezanso mitengo kumene idatha. M'minda yambiri ya ku Dowa ndi ku Ntchisi muli zitsa zamoyo za mitengo ya chilengedwe, zimene zimaphuka chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka zimatemedwa posoka. Mlimi akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zoongoka pa chitsa, nachotsa zinazo, nasadza nthambi za kumunsi mpaka theka la msinkhu wache, mphukirazo zimakula msanga kuposa mbande yobzala, chifukwa mizu yache ndi yakale ndi yozama. Njira imeneyi idafala kwambiri ku Niger kuyambira mu 1983, ndipo alimi a m'Malawi akuitsatanso. Nkhuni zochokera m'munda zimapeputsa mtolo wa amai, ndipo zimapumitsa nkhalango za Ntchisi ndi Kongwe, kumene kumachokera mitsinje yomwetsa midzi ya kumunsi.

Akatekisti ndi akulu a mpingo a ku Nambuma, ku Mtengowanthenga, ku Mpherere ndi kwina konse angachite bwino, lisanafike tsiku la nchito ya pamodzi, kutenga anyamata awiri kapena atatu ndi kuyenda nao pa mitengo ya pa bwalo, kuwaonetsa khosi la nthambi, bala lotsekeka bwino ndi chitsa choola. Nthambi zoti zichoke zimangidwe luzi, ndipo sowo ifike pa zomangidwazo zokha.

Mafunso okambirana

1. Kodi bala la mtengo limasiyana bwanji ndi bala la munthu?
2. Khosi la nthambi liri pati, ndipo chimachitika n'chiani likadulidwa?
3. Nthambi yolemera imadulidwa katatu chifukwa ninji? Kudula koyamba kumakhala kuti?
4. Bwanji pichesi amadulidwa mu Juni, pamene mango amadulidwa mu Januwale kapena Febuluwale?
5. Pa bwalo la tchalitchi kapena la sukulu ya m'mudzi muno, ndi mitengo iti imene ikali yaing'ono yoti n'kuongoledwa chaka chino, ndipo ndani adzaiyang'anira?